Zimene woyendera sitolo waona, azilembe pakhomo

Sabata ino tikambirane za chakudya chogula, makamaka cha m'masitolo akuluakulu aja amene ena amati supamaketi, ena supermercado, ndiponso za anthu amene Boma limawatuma kuti akayendere masitolowo.

Wina afunsa kuti, kodi nkhani ya supamaketi itikhudza bwanji ife a kumudzi, pamene nsima yathu imachokera m'nkhokwe ndipo ndiwo timathyola kudimba? Abale anga, taimani pa baraka ya pamsika wanu muwerenge zimene zili pa alumali. Mupeza mafuta ophikira, shuga, mkaka wa ufa, mabisiketi, majusi a ana, nsomba za m'zitini, soseji, poloni, nkhuku zoundana ndi karapau. Zonsezi sizimera kuno ai. Zimabwera pa shapa kuchokera ku Tete, kapena zimaoloka malire pa Calomue ndi pa Biri-Biri kuchokera ku Dedza, Ntcheu ndi Lilongwe, ndipo zambiri mwa izo wamalonda wathu anakazipikula m'masitolo akuluakuluwo. Chotero ngakhale agogo amene sanapondemo mu supamaketi chibadwire akudya za mu supamaketi. Filiji ikafa mu mzinda, mimba ikapweteka ndi ya mwana wa kumudzi.

Nkhaniyi si yaing'ono. M'chaka cha 2015 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti chaka chilichonse anthu pafupifupi 600 miliyoni amadwala chifukwa cha chakudya choipa, ndipo 420,000 amamwalira. Mwa omwalirawo 125,000 ndi ana osakwana zaka zisanu. Kuno ku Africa ndi kumene vutoli lakula koposa: odwala amaposa 91 miliyoni pa chaka, omwalira 137,000. Ambiri mwa iwo kwao anangoti ndi kutsegula m'mimba wamba, ena anati alodzedwa.

MALAMULO ALIPO, OYENDERA ALIPO

M'dziko lathu lino malamulo a nkhaniyi alipo. M'chaka cha 2009 Nyumba ya Malamulo ku Maputo inavomereza lamulo loteteza ogula, nambala 22/2009. Lamuloli likuti wogula ali ndi ufulu wolandira katundu wabwino, wosaononga moyo ndi thanzi lake, ufulu wouzidwa zoona za katunduyo, ndi ufulu wolipidwa ngati katunduyo wamuvulaza. M'chaka chomwecho Boma linakhazikitsa bungwe loyendera malonda limene ambiri tinalizolowera ndi dzina loti INAE. Amene mumamvera wailesi mukumbukira chaka cha 2017, pamene bungweli, motsogozedwa ndi mai Rita Freitas, linatseka malo ambiri odyera ndi ophikira buledi mu mzinda wa Maputo, ena mwa iwo otchuka ndithu, chifukwa cha uve wa kukhitchini. Anthu anadabwa kuona kuti malo amene kutsogolo kwake kumawala, kuseri kwake sikunali koti munthu n'kuphikirako. Paja akulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Woyendera wodziwa ntchito yake akalowa m'sitolo yaikulu sataya nthawi ndi kuwala kwa pansi kapena nyimbo zimene zikulira. Amapita kuseri, kumene wogula saloledwa kufika. Amayeza kuzizira kwa filiji, pakuti ya mkaka, soseji ndi nyama siyenera kupitirira madigiri 5, ndipo youmitsira nkhuku ndi nsomba iyenera kukhala pa madigiri 18 kunsi kwa ziro. Amawerenga masiku olembedwa pa mapaketi. Amaona ngati nyama yaiwisi yasiyanitsidwa ndi zakudya zimene timadya osaphika. Amafufuza ndowe za makoswe ndi mphemvu m'chipinda chosungiramo katundu, ndipo amaona ngati mankhwala ochapira ndi ophera tizilombo ali kutali ndi ufa ndi shuga. Amafunsanso ngati ogwira chakudya ali ndi chiphaso cha zaumoyo ndi malo osambira m'manja okhala ndi madzi ndi sopo. Akapeza cholakwa angathe kuchenjeza, kulipiritsa chindapusa, kulanda katundu kuti akaonongedwe, kapena kutseka sitoloyo kufikira itakonza.

Zonsezi n'zabwino. Koma nali funso langa: woyendera akamaliza, zimene waonazo zimapita kuti? Zimalembedwa pa pepala, mwini sitolo asaina, pepala lilowa m'chikwama, chikwama chipita ku ofesi. Ife ogula timangomva pamene zafika poipa, sitolo yatsekedwa kapena katundu watenthedwa, makamaka nyengo ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano ikayandikira, pamene oyendera amachulukitsa maulendo ao. Pakapita masiku angapo sitolo ija yatsegulidwanso, ndipo pakhomo pake palibe chokuuzani kuti chinalakwika n'chiyani, kapena kuti chinakonzedwa liti. Imene inapezeka yaukhondo nayonso ilibe chosonyeza. Pa khoma mupeza laisensi, imene timati alvará, koma laisensi imangonena kuti munthuyu waloledwa kugulitsa. Siinena kuti filiji yake ikuzizira.

MMENE ANZATHU ENA AMACHITIRA

Maiko ena anaona kuti chinsinsi chotere chimateteza wauve ndi kupondereza waukhondo, ndipo anasintha. Ku Denmark, kuyambira m'chaka cha 2001, woyendera akamaliza ntchito amasiya lipoti lokhala ndi chithunzi cha kankhope. Ngati zonse zili bwino kankhopeko kamamwetulira, ngati zili zoipa kamakwinya. Mwini sitolo ayenera kuika pepalalo poonekera, kuti wogula alione asanalowe. Lamuloli limakhudza malo odyera, ogulitsa nyama, ophika buledi ndi supamaketi zomwe. Ubwino wa njira imeneyi ndi woti siifuna sukulu. Agogo amene sadziwa kuwerenga, ngakhale mwana wotumidwa kukagula mchere, amadziwa kusiyanitsa nkhope yosekerera ndi nkhope yokwiya.

Ku Britain anasankha manambala. Kuyambira mu Novembala 2010, m'zigawo za England, Wales ndi Northern Ireland, oyendera a makhonsolo amapereka malikisi kuyambira pa 0 kufikira pa 5, olembedwa pa kapepala kobiriwira komata pa galasi la pakhomo. Nambala 5 itanthauza kuti ukhondo uli bwino kwambiri, 3 kuti ndi wokwanira chabe, ndipo 0 kuti pafunika kukonza msangamsanga. Malikisiwo amachokera pa zinthu zitatu: kagwiridwe ka chakudya, ukhondo wa nyumba ndi zipangizo zake, ndi mmene akuluakulu a sitolo amayendetsera ntchito yoteteza chakudya, monga kulemba kuzizira kwa filiji tsiku ndi tsiku ndi kuphunzitsa antchito. Malo amene chakudya chake chingadwalitse anthu mosavuta amayenderedwa kawirikawiri, ena pa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, pamene ena pamapita zaka ziwiri. Wolephera akakonza angathe kupempha kuti adzamuyenderenso.

Pali phunziro lina pamenepa. Ku Wales lamulo linakakamiza aliyense kumata kapepalako kuyambira mu Novembala 2013, ndipo ku Northern Ireland kuyambira mu Okutobala 2016. Ku England anasiya kuti mwini sitolo asankhe yekha. Chotsatira chake mungathe kuchilota nokha: opeza 5 amamata pakhomo monyadira, koma ambiri opeza 1 kapena 2 kapepala kao sikaoneka. Ku Wales, kumene kubisa sikuloledwa, chiwerengero cha malo opeza 5 chinakwera chaka ndi chaka. Wamalonda angathe kulipira chindapusa mwakachetechete n'kuiwala, koma manyazi a pakhomo, amene amabweza ogula, sangawapirire nthawi yaitali.

DZINA LALIKULU SILIZIZIRITSA NYAMA

Masitolo akuluakuluwa amayenda m'magulu. Kampani imodzi imakhala ndi nthambi m'mizinda yambiri, zonse dzina limodzi, utoto umodzi, yunifomu imodzi. Kwathu kuno Shoprite ya ku South Africa inatsegula sitolo yake yoyamba ku Maputo m'chaka cha 1997, ndipo kuchokera nthawi imeneyo makampani otere afika m'mizinda ina yambiri. Funso limene maboma amalimbana nalo ndi ili: kodi malikisi apatsidwe kwa kampani yonse, kapena kwa sitolo iliyonse payokha?

Ku England komweko, m'zaka za 2023 ndi 2024, bungwe la Food Standards Agency linayesa kuyang'anira makampani asanu akuluakulu kudzera m'mabuku ndi ziwerengero za kulikulu kwao, poganiza kuti makampaniwo ali kale ndi anthu aoao oyendera nthambi. Ena anayamikira kuti njirayi ipatsa oyendera a Boma mpata wokaona malo ang'onoang'ono. Ena anadandaula kuti kutero n'kulola mwana wa sukulu kudzichongera yekha mayeso.

Kwa ife a ku Tete yankho lake n'losavuta. Kuchokera ku Maputo kudzafika ku Tete pa mseu ndi makilomita oposa 1,500, ndipo mzinda wa Tete nyengo yotentha umapitirira madigiri 40. Mabuku a kulikulu angakhale olongosoka bwanji, sangakuuzeni ngati lole yonyamula nkhuku inafa pa njira, kapena ngati jenereta ya nthambi ino inalira pamene magetsi anazima usiku. Ana a mimba imodzi sakhala ndi khalidwe limodzi. Chotero malikisi akhale a sitolo iliyonse payokha, ndipo amene akufuna kudziwa za kampani yonse aphatikize malikisi a nthambi zake.

TSOKA SILINUNKHA

Komabe ndisakunamizeni kuti kapepala ka pakhomo kangathetse zonse. Pali zina zimene woyendera sangazione ndi maso, ndipo zimene zinachitika ku South Africa zitiphunzitse. Kuyambira m'chaka cha 2017 zipatala za kumeneko zinayamba kulandira odwala ambiri a matenda otchedwa listeriosis. Kwa miyezi yambiri gwero lake silinadziwike. Mu Januwale 2018 ana asanu ndi anai a pa sukulu ya mkaka ku Soweto anadwala atadya poloni, ndipo ofufuza anatsata poloniyo kufikira ku fakitale ya Enterprise, ya kampani ya Tiger Brands, mu mzinda wa Polokwane. Pa 4 Malichi 2018 nduna ya zaumoyo ya nthawi imeneyo, a Aaron Motsoaledi, inalengeza zimenezi ndi kulamula kuti katunduyo achotsedwe m'masitolo.

Pofika mu Seputembala 2018, pamene mliriwo unalengezedwa kuti watha, anthu 1,060 anali atapezeka ndi matendawa ndipo 216 anali atamwalira. Pa odwala khumi alionse, pafupifupi anai anali makanda osakwana mwezi umodzi, amene anatengera matendawa m'mimba mwa amai ao. Katundu wokhudzidwayo anali kutumizidwa ku maiko 15 a mu Africa, kuphatikizapo Mozambique, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo maikowa analetsa poloni ndi soseji za ku South Africa kulowa. Mpaka m'chaka cha 2025 nkhani ya chipukuta misozi kwa mabanja oferedwa inali isanathe.

Taonani bwino apa. Poloni ameneyo anali kugulitsidwa m'masitolo owala, m'mafiliji ozizira bwino, tsiku lake lisanathe. Kachilombo ka listeria n'kosiyana ndi tinzake chifukwa kamaswana ngakhale m'filiji, sikasintha fungo kapena maonekedwe a chakudya, ndipo munthu angathe kudwala patapita masabata angapo chidyereni. Kamaopsa kwambiri amai oyembekezera, makanda, okalamba ndi amene chitetezo cha m'thupi mwao chatsika. Kamafa ndi moto, koma poloni ambiri timadya osaphika. Ndiye kuti kuyendera sitolo kokha sikukwanira. Pafunikanso kuyendera fakitale, kutenga chakudya kukachiyeza ku labotale, ndiponso njira yofulumira youza anthu pamene katundu waletsedwa. Uthenga wotere ukangothera pa wailesi ya kanema ndi m'nyuzi za Chipwitikizi, sitolo ya mu mzinda ichotsa katundu tsiku lomwelo, koma wa baraka ku Domue apitiriza kudula poloni wake kufikira atatha, osadziwa kanthu.

CHOKANIDWA KUMTUNDA CHIMATSIKIRA KWA IFE

Apa ndi pamene nkhaniyi yatifikira pakhomo penipeni. Chakudya chimene chakanidwa kumtunda kawirikawiri sichitayidwa, chimatsika. Sitolo yaikulu ikaona kuti katundu watsala masiku ochepa imatsitsa mtengo, ndipo sikulakwa kutero ngati tsiku silinakwane. Wamalonda wa kumudzi, pofuna phindu, agula makatoni angapo. Koma chimene mu mzinda chikanatha pa masiku atatu, kumudzi chikhala pa alumali miyezi itatu. Nkhuku imene inatuluka m'filiji ya madigiri 18 kunsi kwa ziro ikwera shapa pa dzuwa la ku Tete, iyenda makilomita oposa 200 kudzafika ku Ulongwe, ifika itasungunuka, ndipo iumitsidwanso m'filiji imene ena amaizimitsa usiku kuti Credelec isathe msanga. Sitolo ya mu mzinda ingathe kupeza malikisi onse, koma malikisiwo sakwera nao shapa.

Ife a chigawo chino tikudziwa mtengo wa chakudya chimene chinayenera kutayidwa koma sichinatayidwe. Pa 9 Januwale 2015, ku Chitima m'boma la Cahora Bassa, anthu ochokera ku maliro anamwa mowa wa pombe. Oposa 230 anadwala ndipo 75 anamwalira, kuphatikizapo mai amene anafulula mowawo. Mphekesera zinafala kuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona, ndipo anthu analozana zala. Koma zoyeza za ku labotale, zimene zinalengezedwa mu Novembala chaka chomwecho, zinaonetsa china. Ufa wa chimanga umene anafululira unali utanyowa ndi madzi osefukira n'kuonongeka, ndipo m'menemo munamera kachilombo kotchedwa Burkholderia gladioli, kamene kamatulutsa poizoni wosanunkha, wosamveka pa lilime, wosafa ndi moto. Panalibe mfiti, panalibe ng'ona. Unali ufa umene unaoneka wosayenera kuphikira nsima, koma unaoneka ngati ungathe kufululira mowa.

Ngozi ina ya m'mabaraka athu ndi kusakaniza katundu. Pa alumali imodzi mupeza mabisiketi, maswiti, mankhwala a makoswe ndi a mbewu. Mu Okutobala 2024 ana asanu ndi mmodzi a ku Naledi, ku Soweto, anamwalira atadya tokazinga togula pa kasitolo ka m'dera lao, ndipo oyeza anapeza mankhwala a ulimi otchedwa terbufos, amene anthu ena amaphera makoswe. Mwezi wotsatira Pulezidenti Cyril Ramaphosa analamula kuti timasitolo tonse totere tilembetse ku makhonsolo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

PEMPHO KWA AKULUAKULU

Tsono pempho langa kwa akuluakulu a Boma, a ku chigawo ndi a ku boma lathu, ndi ili. Zimene woyendera waona zisathere m'chikwama. Zilembedwe pakhomo pa sitolo, m'chizindikiro choti aliyense angachimve, kaya ndi nkhope, kaya ndi nambala, kaya ndi mtundu, ndipo kumata kukhale kokakamiza kwa onse. Ayambire masitolo akuluakulu ndi opikulitsa, pakuti ndiwo akasupe amene mabaraka onse amatungako, kenaka atsikire ku misika ya m'maboma. Ndipo katundu akaletsedwa, uthenga ufike tsiku lomwelo ku mawailesi a m'madera m'chinenero chathu, kwa mafumu, ku matchalitchi ndi kwa oyang'anira misika.

Ndikudziwa chimene ena mukunena mumtima: kodi kapepalako sikadzagulidwa ndi kangachepe? Nkhawa imeneyo ndi yomveka. Koma chinyengo chimakonda mdima. Lipoti la m'chikwama likakhala labodza palibe angalitsutse, popeza palibe walionapo. Koma nkhope yomwetulira ikamatidwa pa sitolo imene aliyense akumva fungo la nsomba yoola, mudzi wonse udziwa kuti pali amene wadya. Chofunika n'chakuti pa kapepalapo pakhale tsiku limene anayendera ndi siginecha ya woyenderayo, ulendo ukhale wodzidzimutsa, ndipo asamakhale munthu mmodzimodzi chaka ndi chaka. Amalonda oona mtima, amene ndi ambiri pakati pathu, sayenera kuopa. Lero amene amaononga ndalama pa jenereta ndi kutaya katundu wotha masiku akupikisana ndi amene satero, ndipo wogula sangawasiyanitse. Chizindikiro cha pakhomo chingakhale mboni yao.

PODIKIRA ZIMENEZO, WOYENDERA NDINU

Pamene tikudikira, maso a pa banja ndi anu. Choyamba, werengani tsiku. Mukaona mau oti "Validade", "Consumir até", "Use by" kapena "EXP", limenelo ndi tsiku lomaliza, ndipo likapita musadye, makamaka nyama, nsomba ndi za mkaka. Mau oti "Consumir de preferência antes de" kapena "Best before" amapezeka pa zouma monga mabisiketi ndi mpunga, ndipo atanthauza kuti tsikulo likapita kukoma kumayamba kuchepa. Musasokoneze ndi tsiku lopangira, limene nthawi zambiri limalembedwa pafupi pomwepo. Ngati tsiku lafufutidwa, lakandidwa kapena lamatidwa ndi kapepala ka mtengo, bwezani. Ngati maso kapena sukulu zikuvuta, tengani mwana wa sukulu akuwerengereni. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri, chitini chotupa, chadzimbiri kapena chophwanyika m'mphepete musagule, ndipo musalawe kuti muone ngati chili bwino. Nkhuku ndi karapau zoundana zikhale zolimba ngati mwala. Mukaona zofewa, kapena madzi ofiira ataundana pansi pa pulasitiki, dziwani kuti zinasungunuka n'kuumitsidwanso. Mukapita ku mzinda zigulani pomalizira penipeni, ndipo mukafika kunyumba ziphikeni tsiku lomwelo mpaka zipse ndi m'kati momwe. Chophikaphika chisakhale pa mtetete kupitirira maola awiri, ndipo chotsala chitenthetsedwe mpaka chituluke nthunzi. Amai oyembekezera, agogo ndi odwala, poloni ndi soseji muzikazinga kaye, kapena muzileke.

Chachitatu, ufa, chimanga kapena mtedza umene wanyowa n'kuchita chuku si wa nsima, si wa thobwa, si wa mowa, ndiponso si wopatsa mnansi wosauka. Utayeni. Ndikudziwa kuti kutaya chakudya kumawawa, makamaka m'miyezi ya njala, koma thumba la ufa silingafanane ndi bokosi la maliro. Inunso a mabaraka, mankhwala a makoswe ndi a mbewu akhale kwaokha, kutali ndi zodya za ana, ndipo filiji isazimitsidwe usiku. Ogula anuwo ndi abale anu omwe, amene mudzawalira nao limodzi.

Chomaliza, musachite manyazi kudandaula. Mukagula m'sitolo yaikulu sungani lisiti. Mukapeza katundu wotha masiku muonetseni mkulu wa sitolo, ndipo mupemphe buku la madandaulo, limene m'Chipwitikizi amati livro de reclamações. Ku boma lathu nkhani zotere mungazitule ku ofesi yoona za chuma ndi malonda, ya SDAE, kapena kwa a zaumoyo. Anthu angapo akadwala atadya chinthu chimodzi, thamangirani ku chipatala osadikira kuti kuche, ndipo mutenge chotsala cha chakudyacho pamodzi ndi paketi yake. Paketi imeneyo ndi imene ingathandize ofufuza kupeza gwero ndi kupulumutsa mudzi wina.

Akuluakulu a mipingo, mafumu ndi aphunzitsi, nkhaniyi muifikitse kwa amene sanawerenge tsamba lino, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Ndipo inu owerenga, tilembereni kapena tumizani uthenga kudzera kwa ogulitsa nyuzi ino, mutiuze ngati pa msika wanu oyendera amafika, ndiponso chizindikiro chimene mungakonde kuchiona pakhomo pa sitolo. Makalata anu tidzawasindikiza pompano.